Zala za a Chirambo

"Onjezani madzi, NyaMsiska, simenti ikuuma!" anakuwa Macpherson Chirambo ali chiimire pa thabwa.

Nelia, mkazi wake, anatula ndowa n'kuthira pang'ono. Kunali kamvula kowaza ka mu Juni, kaja kamanyowetsa munthu osadziwa. Pabwalo la laibulale yatsopano ya ku Mzilawaingwe panaima chiboliboli cha simenti chotalika kuposa munthu: mtsikana atakhala pa mulu wa mabuku, lina atalitsegula pamiyendo. Thupi linaumbika bwino ndithu. Koma nkhope! Diso lina linatsikira patsaya, mphuno inakhotera kukhutu, milomo ngati ya munthu wolumidwa ndi mavu.

Ana a sukulu anaima pamsewu.

"Ehe, wawerenga mpaka wachita sitiroko!" anatero wina, onse n'kuthawa akuseka.

"Akuti bwanji ana amenewo?" anafunsa Macpherson.

"Akuti chakongola, adada."

Kale Macpherson anali mmisiri wa dzina. Ziboliboli zake zinali m'matchalitchi ndi m'malo ogona alendo mpaka ku Karonga. Kenako matenda a shuga anayamba kumudya maso, anthu n'kusanduka zithunzithunzi. Anasiya ntchito, anasiya kucheza, chakudya ankangolawa. A komiti ya laibulale atabwera kunyumba ku Mchengautuwa kudzamupempha ntchitoyi, sankadziwa pomwe maso aja anafika. M'mawa mwake bamboyo anameta ndevu akuimba nyimbo ya kwaya. Nelia akanayamba bwanji kuulula?

Masana a tsiku la kamvula lija Mayi Daisy Kamwendo, mphunzitsi wochokera ku Dedza yemwe anali wapampando wa komiti, anakodola Nelia kuseri kwa laibulale.

"Mayi Chirambo, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndilankhule mosabisa. Nkhope ija sitingaionetse kwa alendo."

"Akonza, amama. Mungowapatsa nthawi."

"Akonza ndi maso ati? Dzulo andipatsa moni kuti 'achimwene'. Ife timafuna ana akaona chibolibolichi azilakalaka buku. Pano makolo akuopsezera nacho ana okana kusamba."

Nelia anayang'ana pansi.

"Talankhula ndi a Gerald, aja amapanga ziliza ku Chibanja," anapitiriza Daisy. "Agumula mutu wokha n'kuumba wina. Dzina la a Chirambo likhalapobe. Koma muwauze ndinu."

"Mukawachotsa ntchito iyi mwawapha. Ndimagona nawo nyumba imodzi ndine, ndikudziwa."

"Nanga titani?"

Nelia anapotokola nsonga ya chitenje.

"Lachinayi ndikupita nawo kuchipatala," anatero motsitsa mawu. "Lachisanu amakhala ofooka. Auzeni a Gerald abwere masiku amenewo. Mukatha mukutire ndi masaka onyowa. Ine ndiwauza kuti komiti yaletsa kuvundukula mpaka tsiku lotsegulira."

Zinayenda momwemo. Macpherson sanakayike kanthu, poti iyenso ankadziwa kuti simenti imalimba bwino ikakutidwa. Ankangowerengera masiku. Anauza anzake a kumpingo kuti asalephere kubwera, anachapitsa suti yake yakale, ndipo madzulo ankafunsa, "Milomo ija ikumwetulira bwino, eti?" Nelia ankangovomera.

Tsiku lotsegulira kunadzaza anthu. Ana analakatula ndakatulo, amayi anavina, mlendo wolemekezeka anakoka nsalu. Anthu anaomba m'manja, nthungululu zili lakalaka. Nkhope inali yosalala, maso ofanana, yofatsa ngati ya mngelo.

"Ndifikitseni pafupi," anatero Macpherson, nkhope ili ngwee.

"Anthu achuluka, adada. Tibwera mawa."

"Mwana wanga yemwe ndimupatse moni mawa? Tiyeni."

Nelia anamugwira dzanja n'kumukweza pa sitepe. Macpherson anasisita mabuku a simenti aja, kenako mawondo, mapewa, akumwetulira. Zala zitafika pakhosi zinaima pa kamzere pomwe simenti yatsopano inakumana ndi yakale. Zinakwera pang'onopang'ono, pachibwano, pamphuno, kukhutu. Kumwetulira kuja kunazima.

"Awa ndi manja a Gerald," anatero chapansipansi. "Makutu a angelo a pamanda amawaumba chonchi."

Ng'oma zinali kulirabe.

"Munadziwa, NyaMsiska?"

"Ndinadziwa."

"Yanga inali yoipa chomene?"

Nelia anafuna kunamanso, koma lilime linakana.

"Inali yoipa, adada."

Macpherson anagwedeza mutu, n'kupukuta zala pa suti.

"Mukanandiuza, ndikanaigumula ndekha. Nyundo ndimaionabe."

Nthawi yomweyo Daisy analengeza pa chimkuzamawu kuti mmisiri wamkulu alankhulepo. Anthu anaombanso m'manja. Macpherson analandira chimkuzamawucho, anachigwira kanthawi, n'kuthokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo." Basi. Anachibweza, ndipo anthu anaseka poganiza kuti ndi nthabwala za munthu wosakonda zolankhulalankhula.

Pobwerera sanakwere njinga za kabaza. Anayenda wapansi, mwakachetechete, matope akumata nsapato. Nelia atati amugwire mkono powoloka ngalande, bamboyo anauchotsa mwaulemu, n'kufufuza m'mphepete ndi phazi mpaka anawoloka yekha. Sanakalipe. Nelia ankalakalaka akanakalipa.

M'mawa mwake, monga mwa masiku onse, Nelia anabwera ndi kapu ya madzi ndi mapiritsi m'dzanja.

"Imwani, adada. Awa ndi a m'mawa."

Macpherson anawalandira, anawatembenuza ndi chala, koma sanawaike m'kamwa. Anatembenukira kuchipinda komwe mwana wawo wamkazi ankakonzekera zopita kuntchito.

"Tina!" anaitana. "Tabwera undionere ngati alidi omwewo."

Nelia anaika kapu pa tebulo pang'onopang'ono kuti isamveke, n'kutuluka panja kukasesa.