Apongozi Anagwada M'madzi

Ndinalota dziwe losambiramo la kusukulu komwe ndimagwira ntchito litasamukira pabalaza pathu ku Bangwe. Sindinadabwe kwenikweni. Chimene chinandivuta n'chakuti linalowa osaodira, ndipo mipando ya mkazi wanga Felesita, ija amatiletsa kukhalapo ndi zovala zathukuta, inali kuyandama miyendo ili m'mwamba. Madzi ankatuluka m'kabati ya mbale pang'onopang'ono, ngati munthu akuthira tiyi m'kapu.

Ine ntchito yanga ndi yophunzitsa ana a eni kusambira, ndipo sikudzitama ayi, ngakhale mutandipatsa mwala ndikhoza kuuyandamitsa. Choncho madzi sanandiopse. Chinandiopsa ndi chimene ndinaona pakona: apongozi anga, mayi Nachisale, atakhala pamkeka, atayang'ana kukhoma, madzi ali m'chiuno. Iwowa anabwera kudzakhala nafe mvula itagwetsa nyumba yawo kumudzi. Chikwatirireni mwana wawo, ine ndi iwo tinali tisanaonane maso ndi maso, chifukwa kwawoko mkamwini ndi apongozi sayang'anizana. Tikakumana panjira iwo amapatukira uku, ine uko, moni n'kumaupereka kumitengo. Mawu athu onse amadzera kwa Felesita. Koma m'malotomo Felesita anali atapita kuchigayo, ndipo chigayocho chinali ku Mozambiki.

Pamwamba pa kabati panali mpando wautali uja ndimakhalapo poyang'anira ana kudziwe. Pampandopo panakhala apongozi anga aamuna, bambo Chimbalanga, amene tinawaika m'manda kalekale. Anavala suti yomwe anapita nayo, ndipo m'khosi anakoleka wezulo yanga.

"Mkamwini, mwachedwa pantchito," anatero malemuwo.

"Pepani bambo. Sindinadziwe kuti lero kuli kalasi."

"Wophunzira ndi mmodzi. Aphunzitseni mayi anu kusambira madzi asanafike pa chithunzi cha ukwati wanu icho. Akalephera ndiwatenga, pakuti kumene ndili ndikusowa wondiphikira therere."

"Ndamva, bambo."

"Koma mwambo musaphwanye. Osawayang'ana, osawakhudza."

Ndinafuna kufunsa kuti munthu umamuphunzitsa bwanji kusambira osamuona, koma iwo analiza wezulo, ndipo wezulo ikalira mafunso amatha. Lamulo limeneli ndinaliika ndine ndemwe kusukulu kuja.

Ndinatembenuka n'kuyang'ana kuzenera. Chitseko cha kuchipinda chinaguluka chokha, chinayandama mpaka pakati pa ine ndi apongozi, n'kutsokomola pang'ono.

"Poti mayi a kunyumba kulibe, mawu adzere kwa ine," chinatero.

"Zikomo kwambiri. Auzeni aimirire, akoke mpweya wambiri, aviike nkhope m'madzi, autulutse pang'onopang'ono ndi mphuno mpaka aone thovu."

Chitseko chinapita kukona kuja. Ndinachimva chikulankhula ndi mawu otsika.

"Mayi, akamwini anu akuti mwaswera bwanji. Akuti kaya m'thupimo, kaya kumudzi munasiyako bwanji, kaya mbuzi zinasowa zija zinapezeka."

"Ayankheni kuti ndaswera bwino, kaya iwo," anatero apongozi. "Mbuzi inabwera yaikazi yokha."

Moni unatha madzi atandifika pamchombo, ndipo za thovu zija chitseko chinali chitaiwaliratu. Mwayi wake apongozi anali ataimirira okha, chifukwa mkeka unali utawathawa.

"Auzeni agwire khoma, amenye madzi ndi miyendo!" ndinatero. "Mawondo asapinde kwambiri, mphamvu ichokere m'chiuno!"

Chitseko chinatembenukira kwa ine.

"Bambo, ndinu munthu wamkulu inu. Miyendo ndi chiuno cha apongozi sizitchulidwa."

"Nanga asambira ndi chiyani?"

"Ndiwauza kuti ayende bwino."

Ndinati poti mawu akanika, ndingoonetsa. Ndinasambira kasambiridwe ka chule kuchoka pazenera mpaka pakhomo la kukhitchini: manja pamodzi patsogolo, kukankhira madzi kumbali, mutu kutuluka, kupuma, miyendo kupinda n'kutambasula. Chiyambireni ntchito ndinali ndisanasambirepo mokongola chotero. Koma ondiona anali malemu ndi wotchi ya pakhoma basi, pakuti wophunzira wanga anali chiyang'anire kukhoma. Ndinawakankhira chigubu chopanda kanthu kuti achikumbatire pachifuwa chiwayandamitse. Ndinaonera pagalasi la zenera akuchilandira ndi manja awiri. Anathokoza chitseko, n'kusenza chigubucho pamutu.

Madzi anakhudza m'munsi mwa chithunzi cha ukwati. Felesita wa m'chithunzimo anakweza diresi kuti lisanyowe, ndipo ine wa m'chithunzimo anandiyang'ana ngati akundifunsa kuti ndikudikira chiyani.

Ndinagona chagada, maso ali kudenga, n'kuyamba kupalasa chambuyo kulowera kumene kunali apongozi. Atamva ndikubwera, anachita zimene akhala akuchita zaka zonsezi: anandipatukira njira. Kumene anapatukirako kunali kozama, kuja timapaka penti yofiira kuti ana asafikeko. Ndinabwerera n'kudzera mbali ina. Anapatukanso, kozama kuposa poyamba. Ndikati ndiyandikire kuti ndiwathandize, ulemu unkawakankhira kutali. Ndikati ndiime, madzi ankakwera. Sindinadziwe ngati ndipite kapena ndithawe, ndipo ndinachita mantha enieni, amene ndinali ndisanawamvepo ndili m'madzi.

"Mayi!" ndinafuula ndekha, osadzera kuchitseko.

Aka kanali koyamba kuti mawu anga apite kwa iwo opanda wowanyamula. Ndipo iwo, monga munthu woleredwa bwino, anagwada kuti ayankhe.

Ndinatembenuka. Pamwamba pa madzi panangotsala duku ndi chigubu.

Bambo Chimbalanga anayamba kutsika pampando paja, akukonza tayi ngati munthu wokalandira mlendo pasiteji ya basi.

"Bambo, tadikirani kaye," ndinatero.

"Mwambo, mkamwini. Mukawakhudza, mawa mudzayang'anizana nawo bwanji?"

"Sitiyang'anizana ndi kale, bambo."

Anaima phazi limodzi lili m'malere, akuganizira yankho limenelo. Ine ndinakoka mpweya n'kumira.

Pansi pa dziwe panali bwalo la kumudzi kwawo, losesedwa bwino, nkhuku zikutolatola ngati palibe chachilendo. Apongozi anali chigwadire pakati pa bwalolo, manja ali pamodzi, kudikira kuti ndinene chimene ndinawaitanira. Ndinaika dzanja limodzi pankhongo pawo, lina pamsana, monga ndimachitira ndi mwana aliyense tsiku lake loyamba. Anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Tinakwera pamodzi mpaka pamwamba.

"Gonani chagada, mayi. Makutu alowe m'madzi, chibwano m'mwamba. Tambasulani manja. Musalimbane nawo madziwa, akunyamulani okha."

Vuto la phunziro limeneli ndi limodzi. Munthu akagona chagada, mphunzitsi atamugwira pankhongo, palibe kwina koyang'ana koma nkhope ya mphunzitsiyo. Apongozi anatsegula maso. Anali maso a Felesita, analinso maso a mwana wathu Tiyamike, maso amene ndimadya nawo pamodzi tsiku ndi tsiku osadziwa kumene anachokera. Manyazi anandigwira, chisoni chinandigwiranso, ndipo sindinathe kusiyanitsa kuti chachikulu n'chiti. Iwo anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, osaphethira.

"Kani muli ndi mpata m'mano, bambo a Tiyamike?"

"Eya, mayi."

"Ndiye kumene anautenga mdzukulu wanga. Ine ndakhala ndikuufunafuna kwa makolo a kwathu."

Ndinachotsa dzanja la pamsana. Kenako la pankhongo, chala chimodzichimodzi, osawauza, pakuti wophunzira ukamuuza kuti ndakusiya amamira. Anayandama okha, chitenje chitayala pamadzi, madziwo ali pakhosi pa Felesita wa m'chithunzi. Malemu analiza wezulo. Sindinadziwe ngati inali yothetsa kalasi kapena yondichotsa ukamwini.

Ndinadzidzimuka ndili pa umodzi wa mipando ya Felesita ija, Lamulungu masana, mvula ikuwomba pamalata. Pabalaza panali pouma. Koma kamtsinje ka kuseri kwa nyumba yathu kanali kukokoma, ndipo mtima sunakhale pansi. Ndinatuluka pakhonde. Apongozi anali pamkeka, akusadzula nkhwani, atandipatsa msana. Atamva mapazi anga anayamba kunyamuka kuti andipatukire, ndipo kopatukira kunali kumvula, mbali ya kumtsinje.

"Mayi, khalani pomwepo," ndinatero. "Kodi mumatha kusambira?"

Sanatembenuke. Duku lawo linali kudontha madzi, ngakhale khonde lathu silidontha. Anaika nkhwani m'lichero, anayang'ana chitseko, n'kulankhula nacho mwaulemu.

"Auzeni aphunzitsi kuti kuyandama ndagwira. Mawa tiyambe miyendo."