Dontho Loyamba

Azakhali anali atadzaza kale thumba lachiwiri pamene amayi analowa m'khitchini. M'matumbamo munali makatoni a mazira, zitini zotsukidwa bwino, zivindikiro za mabotolo ndi mulu wa nyuzipepala zakale, zonse zochokera m'kabati ya pansi pa sinki. Patebulo anali atayalapo nsalu yoyera mbee, yatsopano, mizere ya m'sitolo ikuonekabe.

"Alamu, nyumba yoti mwagwa maliro siikhala ngati dzala," anatero azakhali osatembenuka. "Anthu akubwerabe kudzapepesa. Aziti chiyani?"

Amayi anangoyang'ana matumbawo. Chiikireni amuna awo m'manda, anali atazolowera kumeza mawu. Azakhaliwa anali mlongo wamkulu wa malemu, amene anamulera makolo awo atamwalira, ndipo chifikireni m'nyumbamo anagwira zonse ngati zawo: makiyi, tsache, ngakhale nthawi yoti ana aseke. Anali munthu waukhondo woopsa, woti ntchentche ikafuna kulowa kwawo inkayamba yapukuta mapazi pakhomo.

Koma zimene ankatayazo sizinali zinyalala. Malemu anali dalaivala wa galimoto yoperekera buledi m'magolosale. Loweruka lililonse ankaweruka masana akununkhira buledi, n'kuimirira pakhomo la khitchini, n'kulengeza kuti fakitale yatsegulidwa. Antchito ake anali awiri: mtsikana wachisamba, amene anamutcha Injiniya chifukwa chosafuna kuthandizidwa, ndi kamnyamata kotsiriza, Kachitini, kamene sikankadutsa chitini pamsewu osachitola. M'fakitalemo munatuluka magalimoto a makatoni, zitini zodzalamo maluwa, ndi mabisiketi oumbidwa ngati nyama zimene Mulungu sanalengepo. Tebulo linali mathothomathotho ndi penti. N'chifukwa chake azakhali analifunditsa nsalu.

Fakitaleyo inali ndi lamulo limodzi. Asanayambe ntchito iliyonse, malemu ankaviika chala m'penti kapena m'guluu, n'kudzipaka pachifuwa pa malaya ake, ndiye n'kunena kuti, "Basi, zada kale. Tsopano palibe woopa." Amayi, poti ndiwo ankachapa malayawo, analongolola mpaka kutopa. Munthuyo ankangoseka.

Ntchito yomaliza inali pamwamba pa firiji, yosatha. Chinali chinsomba. Malemu anauzira yekha baluni yaitali, ana n'kuimata timapepala toviika m'guluu wa fulawa. Anamata kamodzi kokha, n'kugwirizana kuti adzawonjezera zikauma. Loweruka lotsatira linawapeza ali kumanda. Tsopano baluniyo inkaphwa pang'onopang'ono, ndipo mimba ya chinsombacho inali itayamba kulowa m'kati. Injiniya anaona kuti chikapanda kumatidwanso msanga chifwamphuka chonse. Atapempha dzulo lake kuti achimate, azakhali anamuyankha kuti dothi la pamanda a bambo ake silinaume n'komwe, iye akuganiza zoseweretsa.

Azakhali anamanga kukamwa kwa thumba, n'kutula nkhani imene anadzera. Anati akambirana ndi achibale, ndipo onse aona kuti ana apite nawo kwawo mawa lomwe. Amayi, poti ndi namwino, abwerera kuntchito posachedwa, nanga anawo aziwayang'anira ndani? Komanso ana amafuna mwambo. Mlongo wawo, Mulungu ause mzimu wake, anali munthu wabwino koma anawalekerera kwambiri. Zikwama anali atalongedza kale. Amayi azikawaona akapeza mpata.

Amayi anaopa, chifukwa zina mwa zimenezo zinali zoona: ntchito inali kuwadikira, ndipo analibe mphamvu zolimbana ndi mtundu wonse. Anatuluka m'khitchinimo kuti misozi isawagwere pamaso pa alamu awo.

Pabalaza anapeza ana atakhala pampando, atavala zoyera, tsitsi lopesa, ali phee. Onse awiri anali atapana manja pakati pa mawondo. Kachitini, mwana woti ngakhale m'tulo miyendo yake inkayendabe, anangokweza maso osasuntha.

"Azakhali ati tisagwire kanthu, tingade," ananong'ona.

Amayi anaima pomwepo. Kakhalidwe kameneko anakadziwa. Amuna awo anawaonetsapo tsiku lina, atatopa ndi kulongololedwa za malaya. Anakhala pampando womwewo, n'kupana manja pakati pa mawondo, n'kunena kuti ubwana wake wonse iye anakhala chonchi. Ananena moseka, koma maso ake sanaseke nawo.

Mantha anathera pomwepo, m'malo mwake munalowa ukali. Amayi anabwerera m'khitchini, n'kutenga kapoto, n'kuthiramo madzi ndi fulawa, n'kuika pamoto. Anatakasa mpaka zinalimba ngati phala la mwana.

"Mukuphika chiyani nthawi ino?" anafunsa azakhali.

"Guluu."

Anathira guluuyo m'mbale kuti azizire. Kenako anamasula thumba lija, n'kulikhuthulira pansi. Zitini zinagubuduka mpaka kunsi kwa sitovu. Anatsitsa chinsomba pafiriji ndi manja awiri, n'kuchikhazika pakati pa nsalu yoyera ija, pambali pake n'kuikapo kabotolo ka penti wobiriwira. Atatero anaitana ana.

Ana anafika pakhomo n'kuima. Anayang'ana chinsomba, anayang'ana nsalu, anayang'ana azakhali. Panalibe amene anaponda m'kati.

Amayi anaviika chala m'penti. Anachikoka pansaluyo kuchokera pakona mpaka pakati, mosafulumira, ndipo chotsalira anadzipaka pachifuwa.

"Basi, zada kale," anatero. "Fakitale yatsegulidwa."

Injiniya ndiye anayamba kulowa. Anakhala pansi n'kuyamba kung'amba nyuzipepala m'timizere, misozi ili chuchuchu koma manja akugwira ntchito. Kachitini anakwera pampando n'kumiza dzanja lonse m'guluu.

Azakhali anapsa mtima kwambiri. Anati nsaluyo anagula ndi mtima wabwino kuti abise manyazi a nyumbayo. Anati izi n'zimene ankanena, kuti ana akuleredwa ngati nkhuku. Anati achibale amva zimenezi lero lomwe.

"Auzeni, alamu," anatero amayi. "Muwauzenso kuti ana anga sapita kulikonse. Za kuntchito ndiona ndekha pochita. Zikwamazo mukamasule, kapena ndikamasula ine."

"Bambo awo ndinalera ine ndi manja awa. Sanakule munthu?"

"Anakula munthu, ndipo ndimakuthokozani. Munali mtsikana, munasenza katundu wa akulu. Koma mukudziwa chifukwa chake ankayamba wadzipaka yekha penti? Ankati ali mwana, dontho limodzi pamalaya linali chikwapu. Analumbira kuti ake sadzaopa dontho."

Azakhali anatsamira sinki, atapinda manja pachifuwa kuti bulauzi yawo yoyera isakhudze kanthu. Sanatuluke m'khitchinimo, ndipo panalibe anawathamangitsa.

Ntchito inayenda. Injiniya ankalamula ngati kapitawo, kuti pamimba pamatidwe mopepuka chifukwa m'katimo muli mpweya wa adadi, usathawe chinsomba chisanalimbe. Amayi, amene kale ankangoonerera fakitaleyo ali chapatali ndi sopo m'manja, anamata mokhota, ana n'kuwaseka. Kanali koyamba kuti m'nyumbamo mumveke kuseka chichitikireni maliro. Guluu anadontha pansalu, pansi, ndi m'tsitsi lopesa lija.

Kachitini anakweza mutu n'kuona azakhali ataima okha, manja ali chipindire. Anawayang'anitsitsa, ndipo anaganiza kuti wamvetsa vuto lawo. Anatsika pampando, n'kuviika chala m'penti, n'kupita kukaima patsogolo pawo. Ananyanyamphira, n'kuwadinda pamkono wa bulauzi.

"Basi, azakhali, zada kale. Musaope."

Dzanja la azakhali linakwera lokha m'mwamba, monga linazolowera kalekale. Amayi anadzuka pampando. Koma mwanayo sanaphethire, sanabise mutu, sanabwerere m'mbuyo. Sankadziwa kuti dzanja la munthu wamkulu likakwera chotero limatsika ndi chiyani. Anaona ngati likupempha, choncho anadikira kuti litsike, n'kuikamo kapepala konyowa ndi guluu.

"Inu mumate kumchira," anatero.