Manja Onjenjemera ndi Dirilo ya ku Joni

"Mayi a Towera, dirilo yanga mwaiona?"

Esther anapitiriza kusankha nyemba m'lichero ngati sanamve. Amuna ake, a Wilkins Chimtengo, anali ataima pakhomo la shedi kuseri kwa nyumba, dzanja lamanzere lili m'bandeji.

"Mwayang'ana pansi pa tebulo?"

"Ndayang'ana, ndi m'bokosi la zida momwe. Kapena yamera miyendo?"

"Masiku ano zinthu zikumera miyendo," anatero Esther, maso ali pa nyemba.

Diriloyo, kachipangizo kam'manja koboolera zitsulo, inali m'thumba la chimanga kuchipinda cha alendo, ndipo anaibisamo ndi iye mwini.

A Wilkins anabwera ku Mzimba kuchokera ku Dowa akadali mbeta, kudzagwira ntchito ya ukalaliki pa Boma. Anakwatira Esther, namwino wa ku Euthini, ndipo za kubwerera kwawo zinathera pomwepo. Chipumireni pantchito, moyo wawo unali mu shedi ija. Ankapanga mahinje a mawindo a kutchalitchi, timipando tachitsulo, zopachikapo mapoto, ndi kukonza mawilibala a anansi. Sankagulitsa kanthu. Munthu akafunsa mtengo ankangoti, "Mukandipempherere basi."

Koma kwa zaka ziwiri dzanja lawo lamanja linali likunjenjemera. Mankhwala a kuchipatala ankangochepetsako. Tsiku lina akuboola chitsulo chaphanthiphanthi, dzanjalo linagwedezeka, msomali wa dirilo unakanirira m'bowo, chitsulo chinazungulira ngati chikwanje n'kung'amba chikhatho chamanzere. Esther anasokapo mabala ambiri pamoyo wake, ndipo anaona bwino lomwe kuti panangotsala pang'ono kuti mtsempha wa chala uduke.

A Wilkins anafunsa za dirilo masiku atatu, kenako anasiya. Anatseka shedi ndi loko. Ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa, wailesi ili pambali yosatsegula, dzanja lonjenjemeralo ataliphimba ndi linzake. Chakudya ankangolawa. Mayi wina wa pafupi atabwera ndi ngolo ya mwana yothyoka, anamuyankha osadzuka n'komwe. "Pitani kumsika, mayi. Kuno tinatseka."

Bala linapola, koma Esther ankaona munthu wake akufota ngati mbewu yosowa madzi. Lolemba lina akuchapa, anakumbukira makina amene ankawaona m'chipinda cha amisiri kuchipatala komwe ankagwira ntchito. Inali dirilo yomangirira patebulo, yoima chilili. Chitsulo ankachimanga m'chopanira, munthu n'kungotsitsa mkono wa makinawo pang'onopang'ono. Anasiya zovala m'beseni, napita kuchipinda cha alendo.

Anaika dirilo ija pamiyendo ya amuna ake, ili mbuu ndi fumbi la chimanga.

"Mbala yadziulula yokha," anatero a Wilkins.

"Yadziulula. Koma iyi simuigwiranso, bambo a Towera. Valani jekete, tikupita kwa Rahim."

"Kukatani?"

"Mukaona komweko. Safunsa anadya phula, koma wofunsitsa anasiyidwa ndi basi."

Sitolo ya Rahim inali kuseri kwa msika, yodzaza ndi maloko, misomali, mapaipi ndi katundu wakale wochokera kwa anthu obwera ku Joni. Rahim ataona Esther anaimirira msanga. Ana ake atatu onse anabadwira m'manja mwa mayiyu.

"Sisita, mwatiyendera. Mdala, dzanja lili bwanji?"

"Likuchira," a Wilkins anayankha mwachidule.

Esther anafotokoza chomwe ankafuna, akuonetsa ndi manja mmene mkono wa makina umatsikira. Rahim anamwetulira. "Muli ndi mwayi, ndili nazo ziwiri."

Yoyamba inali yatsopano, yofiira, yonyezimira, yokhala ndi kagetsi kounikira pamene ukuboola. Rahim anaitulutsa m'katoni yekha mosavutika. Yachiwiri inali pakona, yotuwa, penti itasupukasupuka, akangaude atamangapo nyumba.

"Iyo anandisiyira mkulu wina wa ku Engutwini," anatero Rahim. "Anabwera nayo kuchokera ku Joni, koma kumudzi kwawo kulibe magetsi. Yakhala apo chaka. Mdala, inu tengani yofiirayi. Ngakhale a kutchalitchi akaiona adziwa kuti pano pali mmisiri."

A Wilkins anangoiyang'ana kamodzi. "Chabwino. Bwezerani m'katoni, titenga imeneyo."

Esther anadabwa. Awa anali munthu wotha ola lathunthu akusankha sikuluu imodzi. Anawayang'anitsitsa, ndipo anaona kuti dzanja lamanja alilowetsa m'thumba la jekete, ndipo thumbalo likugwedezeka. M'sitolomo munali anthu ena atatu ogula misomali. Anazindikira kuti amuna ake sanasankhe makina ayi, ankangofuna kutuluka asanapemphedwe kuyesa pamaso pa anthu.

"Dikirani kaye," anatero Esther. "Wodwala sitimutulutsa tisanamuyeze. A Rahim, kuseri kuja kuli malo?"

"Alipo, Sisita."

"Zonse ziwiri zipite kumeneko."

Yofiira Rahim anainyamula ndi dzanja limodzi. Yotuwayo anachita kuitana mlamu wake, ndipo anafika nayo kuseri akupuma mwabefu. Mlamuyo atabwerera m'sitolo, anatsala atatu okha, pakati pa migolo ndi malata akale.

Esther anatsitsa mkono wa yofiira mpaka pansi, nagwira mutu womangira msomali n'kuugwedeza. Unkasewera uku ndi uku, ukulira kuti ke ke ke.

"Uku kugwedera n'kwabwino, bambo a Towera?"

A Wilkins anafuna kukhala chete, koma mtima wa mmisiri unawakaniza. "Si kwabwino. Bowo limatuluka lalikulu kuposa msomali."

Esther anachita chimodzimodzi pa yotuwa. Mutu wake sunasunthe ngakhale pang'ono.

"Tsegulani pamwambapo," anatero a Wilkins, atayandikira. Rahim anatsegula zivundikiro zonse ziwiri. A Wilkins anasuzumira, naloza ndi chala chamanzere. "Onani, mayi a Towera. Yofiirayi ili ndi mawilo awiri okha a lamba. Imathamanga kwambiri, ndi ya matabwa iyi. Chitsulo chimafuna kuyenda nacho pang'onopang'ono, ukachithamangira msomali umapsa. Iyi ili ndi mawilo atatu. Ukaika lamba pansi apa, imazungulira ngati ng'ombe yokoka ngolo."

"Ndiye mumafuna kutenga ya matabwa?"

"Ndimafuna kukusangalatsani ndi mtundu."

"Chikomekome cha mkuyu," anatero Esther, "m'kati muli nyerere."

Rahim anaseka, akukanda m'mutu. "Sisita, mwandivula malaya pamaso pa mdala. Zoona zake, yofiirayi ndi yabwino kwa wopanga mashelefu. Koma yakaleyi nayonso ili ndi matenda ake. Lamba mmodzi wang'aluka, ndipo swichi yake ndi kakang'ono ako, kambali."

Esther anayang'ana kaswichiko. Kanali kobisika kuseri kwa mota, koti munthu achite kukafufuza ndi chala.

"Aka ayi. Ndikufuna batani lalikulu kutsogolo kuno, loti zikavuta munthu amenye ndi chigongono."

"Limenelo ndili nalo, la pa chigayo. Ndimangirira lero lomwe, lamba ndisinthanso."

"Ndi chopanira chija chili apo, muchimange patebulo la makinawa. Chitsulo chisagwiridwenso ndi dzanja la munthu."

Rahim anamanga chopaniracho, nabweretsa chidutswa cha chitsulo chokhuthala ngati chala, kenako analumikiza magetsi. Mwamwayi anali alipo. Mota unalira motsitsa, mosalala, tebulo osagwedera n'komwe. Anauzimitsa, nayang'ana a Wilkins.

"Mdala, yesani."

A Wilkins anatulutsa dzanja m'thumba. Linkanjenjemera kuposa masiku onse. Anatenga kachitsulo kosongoka kokhomera chizindikiro pamene bowo liyambire, koma nsonga yake inkavina pamwamba pa chitsulo. Anayesa kawiri, hamala n'kuphonya. Rahim anatembenuka n'kuyamba kusuntha malata omwe sanafunike kusuntha.

Esther anatenga hamala ndi kachitsuloko m'manja mwa amuna ake. "Pati?"

A Wilkins analoza. Esther anakhoma kamodzi, chizindikiro chinaoneka.

"Tsopano ntchito ndi yanu."

A Wilkins anamanga chitsulo m'chopanira, nadonthezapo mafuta, nayatsa makina. Anagwira mkono wa makinawo n'kuyamba kutsitsa. Dzanja lawo linkagwedezeka ndithu, Esther ankaliona, koma kugwedezekako kunkathera pa chogwirira. Msomali unatsika wowongoka, unalowa pachizindikiro penipeni, ndipo kachitsulo kopotana kanayamba kutuluka m'bowo, kakutalika osaduka. Fungo la mafuta otentha linadzaza pamalopo. Kenako phokoso linasintha, msomali unatulukira kunsi.

A Wilkins anazimitsa makina, namasula chitsulocho. Anachikweza m'mwamba n'kuyang'ana kuwala kudzera m'bowomo nthawi yaitali. Esther anayang'ana kumbali.

"A Rahim," anatero a Wilkins pomaliza, mawu atabwerera mwakale, "msomali wanuwu ndi wobuntha. Ndani amakunolerani?"

"Ndiye mdala wachira," anatero Rahim. "Wayamba kunyoza."

Za mtengo sizinatenge nthawi. Madzulo ake makinawo anabwera pa pikapu, batani lofiira lalikulu ngati chivundikiro cha botolo la chiponde lili kutsogolo. Anansi awiri anathandiza kuwakweza patebulo la mu shedi.

"Yewo chomene," anathokoza Esther powaperekeza. Pobwerera anapeza amuna ake akupukuta makinawo ndi chiguduli.

"Pali vuto limodzi," anatero a Wilkins. "Kuboola ndiboola, koma wokhoma chizindikiro ndilibe."

"Ine ndinapuma ntchito, bambo."

"Inenso ndinapuma. Mawa seveni koloko. Ndipo duku mumange zolimba, lingakodwe m'lamba."

M'mawa mwake Esther analowa mu shedi duku atamanga ngati wopita kumunda. Anakhoma zizindikiro zisanu ndi chimodzi, a Wilkins anaboola mabowo asanu ndi limodzi, onse oongoka ngati apimidwa ndi ulusi. Kenako anasuntha, nam'lozera mkono wa makina.

"Yesani inu."

Esther anamanga chitsulo, nayatsa, natsitsa mkonowo mwachangu ngati akubaya jakisoni. Msomali unaterereka, bowo linatuluka pambali pa chizindikiro. A Wilkins anachitenga chitsulocho m'dzanja lawo lonjenjemera, nachitembenuza uku ndi uku ngati woweruza mlandu.

"Kwa munthu wa manja abwinobwino, izi n'zochititsa manyazi," anatero. "Tengani chitsulo china."

Esther anaseka, nawerama kukasankha china m'bokosi.