Mbande ya Mapeyala

Galimoto yahayala itaima pakhomo, chinthu choyamba chimene Alufeyo anaona ndi a Donald, akulu awo a malemu bambo ake, atakhala pampando wakutsogolo chigongono chili pawindo. Alufeyo anaika khasu pansi. Chichitikireni maliro, a Donald sankaponda pakhomopo popanda kutchula munda wa kudambo, umene ankafuna kuti mwana wawo azilimamo fodya. Tsopano mvula yoyamba inali itagwa, ndipo iwo abwera ndi mlendo wonyamula chikwama cha laputopu.

"Monire nonse! Alamu, tulutsani mipando, kwabwera anthu ophunzira," anatero a Donald, akuitana amayi a Alufeyo. Kenaka anacheukira Alufeyo. "Awa ndiye omaliza sukulu, mwana wanga. Uwaonetsetse."

Alufeyo anaphunzirako zamalamulo ku koleji, koma anasiyira panjira bambo ake atagona pamphasa, ndipo atawaika m'manda sanaonenso chobwererako.

Mlendoyo anali mayi wachitsikana wa ku Zomba, dzina lake Dokotala Isabella. Anafotokoza kuti udokotala wake wa zamalamulo anamaliza, ndipo yunivesite ina yakunja yamutenga kuti afufuze momwe anthu wamba amamvera nkhani ya umwini: chinthu chimakhala cha munthu chifukwa chiyani, amachibwereka bwanji, amachisiyira ndani. Ankayenda ku Henga ndi ku Bolero kucheza ndi amayi amasiye.

"Nanga pakhomo pano wakulozerani ndani?" anafunsa Alufeyo.

"Anandiuza kuti kuno sulowa m'nyumba usanapite kwa mkulu wa banja. Ndiye ndinayambira kwa bambowa."

"Ndipo mkulu wa banja wakuperekezani mpaka pampando."

"Iwe, ulemu," anatero amayi ake chapansipansi.

Amayi ake, a Nabanda, kwawo kunali ku Dedza. Anabwera ku Bolero kudzaphunzitsa pa pulayimale, nakwatiwa ndi a Amon Chirambo, ndipo Chitumbuka anachiphunzira mpaka kumalota nacho. Komabe pamaso pa alamu awo ankakhala pamphasa, maso pansi, ngati mtengwa wobwera dzulo.

Dokotala anaika foni pampando, napempha chilolezo chojambula mawu. Alufeyo ankayang'ana kadontho kofiira kakuphethira pafonipo. Mawuwa apita kuti? Ndani adzawamve? Anali atamvapo za anthu obwera ndi mafunso okoma, pakapita miyezi n'kuona ena akukhoma zikhomo m'munda.

"Mukamaliza, mawu a amayi angawa adzakhala a ndani?" anafunsa. "Poti mumafufuza za umwini."

Dokotala anaseka pang'ono, koma ataona nkhope yake analeka. "Ndi awo. Akafuna ndiwatumizira, akafuna ndifufuta."

"Buku lidzakhala lanu."

"Eya, buku lidzakhala langa."

Anayamba ndi mafunso ofewa, za ukwati ndi za ana. Kenaka anafika pamene Alufeyo ankaopa.

"Mayi, munda wa kudambo uja mumati ndi wa ndani?"

A Nabanda anakonza chitenje pamaondo. "Ine ndine mlendo, mwanangu. Munda uli ndi eni ake."

Mawu amenewo mkazi aliyense wokwatiwa amanena pamaso pa akuchimuna, ngakhale atalima mundawo mpaka imvi. Ndi ulemu chabe. Koma lero analowa m'foni, mboni ili pomwepo, ndipo a Donald ankagwedeza mutu ngati munthu amene akumva nyimbo ya kwaya imene amaikonda.

"Mwamva, adokotala?" anatero. "Alamu angawa ndi munthu wodziwa mwambo chomene."

Ndiye zinali zopangana, anaganiza Alufeyo. Anayang'ana nsapato za mlendoyo, zopanda ndi thope lomwe, nafuna kuitenga foniyo n'kuiponya m'chitsime.

Dokotala analemba kanthu kochepa, nafunsanso. "Ku Henga anandiuza kuti wobwereka munda amadzala chimanga ndi nyemba basi, mtengo amadzala ndi mwini. Nanga inu mayi, mungadzale mtengo m'munda umenewu?"

A Nabanda anangoyang'ana mphasa. Onse atatu apabanjapo ankadziwa za mbande zimene a Amon anafesa m'mapepala a shuga kuseri kwa khitchini asanadwale. Ankati mzere wa mapeyala udzatsata malire a kudambo. Atamwalira, a Donald analetsa: dikirani kaye, banja likhale pansi. Banjalo silinakhale pansi. Mbandezo zinafota imodziimodzi, n'kutsala imodzi yokha, imene Alufeyo ankaithirira madzi otsukira mbale m'mawa uliwonse, nthawi zina akuilankhula ngati ili ndi makutu.

Poona kuti mayiyo sakuyankha, Dokotala anatembenukira kwa a Donald. "Kapena bambo, inu monga mkulu wa banja? Kumadera ena ndamva kuti amayi amasiye amaletsedwa, ena amathamangitsidwa kumene."

A Donald anayang'ana foni ija, nakonza kolala. Iwo anali mkulu wa mpingo, ndipo sankafuna kuti azungu a kuyunivesite akamve kuti a Chirambo amazunza amasiye.

"Zimenezo n'za anthu osapemphera," anatero mokweza, akuweramira kufoni. "Kuno ayi. Alamu angawa ng'ombe za malowolo zinapita kwawo, ndi athu. Angadzale mtengo uliwonse umene akufuna, ngakhale nkhalango. Lembani zimenezo."

Alufeyo anaimirira. Anapita kuseri kwa khitchini, nabwerako atanyamula mbande ija m'manja awiri, khasu lili paphewa.

"Yewo chomene, adada," anathokoza m'Chitumbuka, akugwada pang'ono. "Poti mwaloleza, ndipo nthaka ndi yonyowa, tiyeni tikadzale lero lomwe alendo akuona."

"Aa, iwe, n'zothamangira zimenezi? Alendo sanamwe ndi tiyi yemwe."

"Tiyi adzamwa pobwera. Adokotala, foniyo musazimitse. Simufuna kuona mmene timachitira kuno?"

Dokotala anayang'ana a Donald, nayang'ana mnyamatayo. Alufeyo anadikira kuti aone ngati apeze chifukwa chokanira. Mayiyo anatola foni yake, naimirira.

"Kuli thope kumeneko?" anafunsa.

"Lambiri."

Anatsetserekera kudambo, a Donald ali pambuyo, akuyankha moni wa anthu olima m'minda yoyandikana ndi mawu ouma. Anthuwo anasiya makasu n'kuyandikira, monga amachitira akaona mlendo wovala bwino akulowa m'thope. Alufeyo anakumba dzenje pamalire, pamene bambo ake anakhomapo kamtengo kouma, ndipo atamaliza sanadzale yekha. Anapereka mbandeyo kwa amayi ake.

A Nabanda anaigwira nthawi yaitali. Anayang'ana alamu awo.

"Alamu, ndidzale?"

Anthu onse anayang'ana a Donald, foni ili m'mwamba.

"Dzalani," anatero.

Amayiwo anagwada, nang'amba pepala la shuga lija, naika mbande m'dzenje. Anakwirira ndi manja, akutsindira dothi pang'onopang'ono ngati akufunditsa mwana. Mayi wina wa munda woyandikana analuluta. Alufeyo anatembenuka kuyang'ana kuphiri, chifukwa maso ake anali atadzaza misozi.

Pobwerera, a Donald anakana kukwera galimoto, nati ali ndi zoti aone kumsika. Dokotala ankachotsa thope ku nsapato ndi kamtengo pamene Alufeyo anamuyandikira.

"Funso la mtengo lija munalikonzeratu?"

"Ndimafunsa aliyense."

"Nanga la munda ndi wa ndani, pamaso pa alamu awo? Nalonso mumafunsa aliyense?"

Mayiyo anasiya kupala nsapato. "Eya," anatero. "Ndafunsa ambiri."

Alufeyo anaganiza za amayi ena a ku Henga amene anati ndine mlendo foni ikujambula, kuseri kwa khitchini kulibe mbande. Sanathe kudziwa ngati mayiyu anali wochenjera kapena wamwayi chabe, ndipo sanamukhulupirire kuposa mmene anamukhulupirira m'mawa.

"Mawuwo munditumizire panopa, musananyamuke," anatero, akutulutsa foni yake yosweka galasi. "Onse, ndi a adada omwe."

Anaima pomwepo mpaka mawuwo anafika. Galimoto itapita, anatenga chikwanje n'kupita kukadula minga yotchingira mbandeyo, poti mbuzi za a Donald zimadya kudambo komweko.