Miyendo ya Kangaude

A Burashi anali pamwamba pa makwerero akupaka chigoba cha nkhono pamene khoma linayambanso kusungunuka m'maso mwawo. Anaima kaye, burashi ili m'malere, kudikira kuti chifunga chija chidutse. Sichinadutse.

Dzina la Burashi anawapatsa ndi eni masitolo, chifukwa kwa zaka makumi atatu zikwangwani za mumsewu waukulu zinkatuluka m'manja mwawo. Koma Loweruka limeneli anali m'kalasi ya sayansi, momwe mwana wawo wamkazi anali atangoyamba kumene uphunzitsi. Lolemba kunkabwera oyendera sukulu, ndipo mwanayo anapempha bambo ake kuti amujambulire pakhoma magulu a tizilombo topanda fupa lamsana. Anawasiyira buku lotsegula pa desiki n'kupita kukakonza kabati ya mabotolo.

Bukulo a Burashi sanaliyang'ane. Ankajambula za m'mutu, zimene ankaziona ali mwana akamagubuduza miyala mvula itangokata: nyongolotsi yonyezimira ndi timizere take tozungulira thupi, bongololo akudzikulunga ngati nkhata, nkhanu ikuyenda cham'mbali zopanira zake zili m'mwamba. Dzuwa lolowera pawindo linkawalitsa fumbi la choko, ndipo m'chifunga chawocho tizilombo tonse tinkaoneka ngati tikupuma. Nyongolotsi inkatamuka pang'onopang'ono kulowera ku bolodi. Nkhono inkatulutsa tinyanga take n'kutibwezanso. Zinali zokongola moti nthawi zina ankaiwala mantha.

"Bambo, kangaude wanuyu anachita ngozi yapamsewu?" anafunsa mwana uja ataima kumbuyo kwawo, manja ali m'chiuno. "Ali ndi miyendo isanu ndi umodzi yokha."

"Iwiri inayo wapinda, akupuma. Iwe sutopa?"

Mwanayo anaseka. "Oyendera sukulu sadziwa zopuma. Kangaude ndi miyendo isanu ndi itatu, thupi zigawo ziwiri. Wa isanu ndi umodzi ndi chiwala ndi abale ake: mutu, chifuwa, mimba. Mukasokoneza pamenepo ndiye kuti mwamusamutsa banja."

"Chabwino aphunzitsi, timuonjezera. Asadandaule."

Koma mwanayo anali atasiya kuseka. Anasendera pafupi ndi khoma. Miyendo ya chiwala inali itamera pamimba m'malo mwa pachifuwa, ndipo iwiri inali yosalumikizika n'komwe, ikungoyandama payokha. Bambo ake, amene kale ankalemba nambala ya foni pachitseko cha minibasi popanda rula, anali ataphonya thupi ndi mpata wa zala zitatu.

"Tatsikani kaye, Bambo," anatero motsitsa mawu. "Tandiwerengereni mzere uli pansi pa chithunzichi."

A Burashi anatsika, phazi likufufuza popondera paliponse. Anapapasa pa desiki mpaka anapeza buku. Analibweretsa pafupi ndi mphuno, kenako patali, kenako anapendeketsa mutu. Zilembo zinali ngati nyerere zomwazika pamadzi. Analitseka bwinobwino n'kukhala pampando wa ana asukulu, mawondo ali m'mwamba.

"Zinayamba liti?"

"Chaka chatha, nthawi ya mvula. Poyamba linali diso lakumanzere lokha."

"Amayi akudziwa?"

"Amayi ako amati ntchito zikusowa. Sizikusowa ayi. Ndimazikana ndine." Anapukuta utoto pachala ndi kansanza. "Koma iwe ndikanakukana bwanji? Khoma loyamba la mwana wanga lijambulidwe ndi munthu wina?"

Mwanayo anakumbukira kuti miyezi yapitayi bambo ake ankamupatsa moni pokhapokha iye akayamba kulankhula, ndipo iye ankaganiza kuti ndi maganizo chabe a ukalamba. Anawayang'ana m'maso pafupi, koyamba pa nthawi yaitali, n'kuona kamtambo koyera pakati pa diso lililonse.

"Izi ndi ng'ala, Bambo. Amachotsa kuchipatala cha maso. Agogo a mnzanga wina anawachotsa, pano akusokanso."

"Nanga akalephera?"

"Nanga mukangokhala?"

A Burashi anayang'ana kukhoma, kumene nkhanu yawo inkagwedezeka mofatsa ngati ili pansi pa mtsinje.

Mwanayo anatuluka n'kubwera ndi khala lalikulu lochokera kukhitchini ya sukulu. Anakwera makwerero, anafufuta miyendo yosokera ija ndi utoto woyera, ndipo utauma anajambula mizere yakuda, yokhuthala ngati chala, mwendo uliwonse pamalo pake. Mizere yotero bambo ake ankaiona. Anakwera iwo, iye atagwira makwerero, n'kuyamba kutsatira khalalo ndi burashi. Dzanja lokha linali lisanaiwale kanthu. Mzere unkatuluka wosalala, woonda kumapeto.

"Lachiwiri ndipempha tchuthi, tipita limodzi," anatero mwanayo ali pansipo.

"Lachiwiri," anavomera a Burashi osatembenuka. "Koma amayi ako ndikawauza ndekha, lero, tikangofika. Iwe usanditsogolere."