Chipupa Akachoka Pagolo

A Chamawa anali atagwada pakhomo pa shopu yawo akuwotcherera mwendo wa mpando wachitsulo, koma pakamwa panalibe kupuma. Aneba awo ometa anali atatsamira chitseko, chipeso chili m'thumba la malaya, kudikira woti amumete.

"Sizoni ino musaiwerengere, aneba," anatero a Chamawa akukweza chotchingira maso. "Tinayamba bwino. Aliyense wobwera pabwalo lathu ankabwerera atamwa zigoli. Chinatipha ndi bondo la mnyamata wathu wakutsogolo uja. Atangovulala, mpira unkati ukafika kutsogolo n'kupeza kulibe mwini wake."

"Chaka chatha munati anakuphani ndi oyimbira," anayankha ometawo. "Chaka chinacho inali mvula."

"Mvulayo inagwadi."

"Inkagwera mbali yanu yokha?"

"Inu sekani. Chaka chamawa mudzandifunafuna."

Dzina lawo linachokera pa mawu omwewo. Timu imene ankaikonda inali ya koleji ya ntchito zamanja, tsidya lina la msewu. Iwo sanaphunzirepo pakolejipo, koma chitsegulire shopu sanaphonyepo masewero a timuyo. Ankaima pampanda wawaya kumbuyo kwa golo, n'kumalangiza osewera, mphunzitsi wawo, ngakhale oyimbira amene. Sizoni iliyonse ikatha chikho chitapita kwina, ankalonjeza za chaka chamawa.

Akutsitsanso chotchingira maso anaona mlongo wawo, namwino, akuwoloka msewu ali m'yunifolomu. Sankabwerabwera kushopu chifukwa utsi wa zitsulo unkamutsokomoletsa. Anapereka moni kwa ometa, kenako anakhala pa mpando wina womwe unali usanapakidwe penti.

"Achimwene, mwamuuza chiyani mwana uja?"

Mwana wa namwinoyo ndiye anali goloboyi komanso kaputeni wa timu ya kolejiyo. Anzake ankamutchula Chipupa. Anali m'chaka chomaliza cha maphunziro a zamagetsi.

"Walakwa chiyani?"

"Kampani ija anakaphunzirirako ntchito yamuitana. Akufuna akayambe mayeso akangotha, ndipo akudikira yankho sabata yamawa. Iye akuti awakana. Akuti alembetsa kosi ina yowonjezera kuti akhalebe pakoleji, poti chaka chamawa chikho ndi chawo, ndiye akachoka iyeyo timu igwa. Ndamufunsa kuti wakuuza ndani. Wati amalume."

Ometa anatsokomola, n'kulowa m'kanyumba kawo ngati aitanidwa.

A Chamawa anazimitsa makina. Mawuwo analidi awo. Ankawanena Loweruka lililonse masewero akatha, akumusisita mnyamatayo paphewa.

"Achemwali, ine ndimangocheza naye."

"Sindinabwere kudzakangana nanu. Mwana wanga si wopusa. Ngati akukana ntchito chifukwa cha mpira, ndiye kuti pali chimene akuona chomwe ine sindikuchiona. Usiku wonse ndakhala ndikuganiza kuti kodi n'chiyani. Timu imeneyi ndi yabwinodi? Mundiuze ngati mlongo wanu, osati ngati mmene mumauzira anebawa."

Yankho la masiku onse linafika pakamwa, koma a Chamawa analimeza.

"Loweruka kuli masewero omaliza. Bwerani mudzaone ndi maso anu."

Loweruka namwino anabweradi, atanyamula ambulera ndi botolo la madzi. Anthu sanali ambiri. Timuyo inali itatsalira pakati pa ligi ya makoleji, moti kupambana kapena kugonja tsikulo sikukanasintha kanthu. A Chamawa anamupezera malo pampanda pamene waya anali wotakasuka, pooneka bwino golo.

Mafunso anayamba mpira usanayambe n'komwe.

"Bwanji iye yekha wavala zosiyana ndi anzake?"

"Kuti oyimbira adziwe woyenera kugwira ndi manja."

"Nanga aja aima patsogolo pakewo, si ana amenewo? Winayo ndevu alibe."

"Otchinga kumbuyo. Onse ayamba koleji chaka chino. Akuluakulu anamaliza maphunziro nthawi imodzi, mphunzitsi n'kungotola amene analipo. Pakati pa sizoni ankatimwetsa chifukwa cha iwowa. Wina ankathawa mpira, wina ankathawa munthu. Koma taonani mmene akuimira lero. Mmodzi akapita, mnzake akutseka."

Namwino anayang'anitsitsa. Poyamba ankangoona anthu akuthamangira uku ndi uku, koma patapita nthawi anayamba kuzindikira kuti anyamata aja akusuntha limodzi, ndipo wowasuntha ndi mwana wake. Chipupa ankawatchula mmodzimmodzi, kuloza ndi dzanja, kuwakweza ndi kuwabweza. Kunyumba mwanayu ankayankha ndi mutu wokha.

"Mawu onsewa amawasunga kuti?" anafunsa mayiyo.

"Pagolo pamafunika pakamwa kuposa manja."

Wosewera wina wa timu ya alendo anamenya mpira mwamphamvu chapafupi. Chipupa anadziponya kumanzere n'kuukankhira kunja, yekha n'kugwera paphewa. Namwino anagwira waya ndi manja onse.

"Phewa lija lidzamuvuta akadzakula."

"Koma chigoli wakana," anatero a Chamawa monyadira.

Chigawo choyamba chinatha popanda womwetsa mnzake. Poti matimu amasinthana mbali, awiriwo anasamukira kumbuyo kwa golo inayo. Osewera atabwerera m'bwalo, amene anabwera ku golo sanali Chipupa. Anali mnyamata wamtali, woonda, wa chaka choyamba, amene sizoni yonse anakhalira pabenchi. Ankamutchula Nsungwi.

"Amuchotsa bwanji? Walakwitsa?" anafunsa namwino.

"Ayi. Mphunzitsi akufuna kuyesa winayu poti masewero alibe phindu." A Chamawa anapukusa mutu. "Ameneyo manja ake ndi a sopo. Mungoona."

Sipanapite nthawi. Mpira wofooka unagubuduka kuchokera kutali, Nsungwi n'kuwerama kuti autole, mpirawo n'kumupulumuka kulowa muukonde. Alendo anaseka mpaka ena kukhala pansi.

"Mwaona? Ndi zimene ndimamuuza mwana wanu. Akachoka, tatha."

Namwino sanachotse maso pagolo. Ankayang'ana mnyamata woondayo, amene anakatola mpira muukonde, n'kupukuta magolovesi pakabudula, n'kuimanso pamalo pake osayang'ana munthu.

Kenako alendo anapeza kona. Mipira yam'mwamba ndi imene inkavutitsa timuyi kwa zaka, chifukwa Chipupa anali wamfupi ndipo ankakonda kudikirira pamzere. Nsungwi sanadikire. Anatuluka pakati pa gulu, n'kuudzula mpira pamwamba pa mitu ya anthu onse. Kona inanso, anachita chimodzimodzi. Ulendo wotsatira atangougwira anauponya ndi dzanja limodzi mpaka pakati pa bwalo, pamapazi a mnzake amene anali atayamba kale kuthamanga. Alendo anali onse kutsogolo. Mpira unadutsa kwa anthu awiri basi, n'kukathera muukonde wawo.

Ochemerera anadumpha. A Chamawa sanadumphe. Anali atalowetsa zala m'waya, akumuyang'ana Nsungwi ngati chitsulo chomwe anachitaya kuti n'chowola koma wina wapangira geti.

"Sopo uja wathera kuti?" anafunsa mlongo wawo. Sankaseka. Ankafunadi kudziwa.

"Tadikirani kaye."

A Chamawa anamuyang'ana Nsungwi mpaka kumapeto. Anaona kuti salankhula, moti otchinga kumbuyo ankatembenuka kumufunsa ndi maso. Anaonanso kuti chilakwire koyamba kuja sananjenjemere. Namwino yekha ndiye ankayang'ana kubenchi. Chipupa poyamba anali chiimire, akukuwa kulangiza anzake. Pamene masewero ankatha anali atakhala pansi, magolovesi ali pamaondo.

Masewero anatha matimu atafanana mphamvu. Anthu atayamba kubalalika, Chipupa anazungulira pageti n'kubwera kumpanda kuja. Anapereka moni kwa mayi ake modabwa pang'ono, kenako anatembenukira kwa a Chamawa.

"Amalume, poti amayi abwera okha, auzeni zimene mumandiuza zija."

A Chamawa anakanda chipsera chakale cha moto pamkono wawo. Mtima wawo unkafuna mnyamatayu atsale. Golo ikakhala ndi anthu awiri odalirika, wochemerera amagona tulo. Koma mlongo wawo anali atawayang'ana, akudikira.

"Ndinena mmene ndaonera," anayamba. "Kumbuyo kuli bwino. Ana aja zolakwa zawo azilakwira kale chaka chino, iwe ukuwaphimba. Pakati pakuchoka mmodzi, koma wolowa m'malo mwake alipo, ndi uja wapereka mpira wa chigoli lero. Wakutsogolo bondo lake likupola, ndinamuona akuthamanga Lachinayi. Chosowa ndi womuthandiza, poti akadzavulalanso tidzabwerera pomwe tinali. Koma zikangoyenda bwino pamenepo, chikho chikhoza kubwera. Ulendo uno sindikunena chifukwa cha chikondi chokha."

"Mwamva, amayi?"

"Sindinamalize. Chikhoza kubwera iwe ulipo. Chikhozanso kubwera iwe palibe."

Chipupa anawayang'ana modabwa.

"Si inu munkati Nsungwi manja ake ndi a sopo?"

"Ndinkamuonera pabenchi. Lero ndamuonera pagolo. Pansi sakufika pa iwe, ndipo pakamwa alibe. Koma m'mwamba akukuposa, ndipo zimene akusowazo n'zophunzirika. Kutalika sikuphunzirika."

"Ndiye ine ndamwa zigoli zaka zonsezi, anthu akundiloza pamsewu, kenako ndichoke pamene zayamba kukoma?"

"Timu ya koleji ndi mmene ilili," anatero a Chamawa motsitsa mawu. "Aliyense amabwera kudzachoka. Pagolo pamenepa ndaonapo anyamata ambiri, ena abwino kwambiri, ndipo palibe anachoka atakhuta. Otsala ndi ife akumpanda kuno, chifukwa ife kulibe kwina kukutiitana."

Namwino anatsegula botolo la madzi n'kupatsa mwana wake. Mwanayo analandira koma sanamwe.

"Ine ndinkaganiza kuti kuno umangodzagwa m'fumbi," anatero mayiyo. "Lero ndaona anthu akukumvera, ndipo zandikomera. Sindikulamula. Koma ukasankha kutsala, usanene kuti ukutsalira anzako, poti amalume ako anena kuti aima okha. Unene kuti ukufuna chikho, ndipo ukusinthanitsa ndi ntchito. Ukanena choncho ndi pakamwa pako, ndidzamva."

Chipupa anabweza botolo lija, n'kubwerera m'bwalo momwe anzake ankazula mbendera zam'makona.

Masiku otsatira shopu inali zii. A Chamawa ankawotcherera osayankhula, mpaka ometa anabwera kudzasuzumira.

"Mwadwala? Makasitomala akundifunsa kuti wailesi ya tsidya lino yawonongeka liti."

"Ndamulanda mwana chinthu, aneba."

"Mwamunamiza?"

"Ayi."

"Ndiye chimene mwamulandacho munamupatsa ndi inu nomwe," anatero ometawo, n'kubwerera kukasesa tsitsi.

Chakumapeto kwa sabata, masana dzuwa litapendeka, Chipupa anatulukira pakhomo atavala zophunzirira mpira. Anadikira kuti moto uzime, kenako anakhala pa chitini cha penti.

"Ndawayankha a kampani aja. Ndipita mayeso akatha."

A Chamawa anavula chotchingira maso n'kuchiika pansi. Anafuna kumuyamikira, koma nkhope ya mnyamatayo sinali ya munthu wofuna kuyamikiridwa.

"Amayi ako ukawauza?"

"Akudziwa. Anangondifunsa ngati ndadya." Anamwetulira pang'ono. "Ndapempha mphunzitsi kuti masabata otsalawa ndizikhala ndi Nsungwi madzulo alionse. Ndimuphunzitse zapansi, ndi kutsegula pakamwa. Koma ndikufuna munthu woima kumbuyo kwa golo, azimupokosera ndi kumunyoza ngati mmene amachitira ochemerera a alendo, kuti azolowere. Ndaganiza anthu onse, woposa inu palibe."

"Ndiko kundiyamikira kumeneko?"

"Tengani mmene mwamvera."

A Chamawa anazula waya wa makina pakhoma, n'kukankhira mipando mkati. Anauza ometa kuti wobwera kudzatenga geti adikire mawa. Awiriwo anaima m'mphepete mwa msewu kudikira magalimoto adutse.

"Chikadzabwera chikhocho," anatero a Chamawa, "ndidzakuimbira tili pabwalo pomwepo, udzamve phokoso lake."

Chipupa anayang'ana kutsidya, kumene Nsungwi anali atayamba kale kudumphadumpha yekha pagolo.

"Musadzandiimbire tsiku lomwelo, amalume. Mudzadikire ndidzafunse ndekha."

A Chamawa anavomera ndi mutu. Msewu utatseguka, anawoloka.