Mtsuko Woboola Pansi

Uthenga wa Magdalena unali wachidule. Loweruka likudzalo, tsiku lotsegulira chiliza cha mayi awo, mwana aliyense abwere ndi mtsuko umene mayiwo anamuumbira. Mitsukoyo idzaikidwa pansi pa mtengo wa nimu, idzadzazidwa madzi, ndipo alendo adzamwa momwemo. "Mayi sanasiye chithunzi chooneka bwino," anatero Magdalena pa foni, "koma manja awo ali m'nyumba mwathu tonse. Anthu amwe, awakumbukire."

"Ndamva, achemwali," anayankha Fanizo.

Atadula foniyo anatuluka pakhonde la nyumba yake ya ku Nchalo, kumene ankagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ya nzimbe, nayang'ana mtsuko wake. Unali pakona, wodzaza dothi, maluwa ofiira atatambalala pakamwa pake. Kunsi kwake kunali chiboo chimene iye mwini anaboola ndi msomali. Thukuta limene linamutuluka pamenepo silinali la dzuwa la kuchigwa ayi, linali la manyazi.

Mayi Otilia anali woumba mbiya wa m'mudzi wina kuseri kwa Bangula. Dongo ankakalikumba okha kudimba, nalisenza pamutu, nalipondaponda akuimba nyimbo za Chisena zimene anabwera nazo kuchokera kutsidya kwa mtsinje ali mtsikana. Mtsuko wawo unkaziziritsa madzi ngakhale mu Okutobala, nthawi imene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Koma chimene anthu ankawakondera kwambiri chinali zojambula za pakhosi pa mtsuko. Mwana wawo aliyense akamalowa m'banja ankamuumbira wakewake, wokhala ndi chizindikiro chomuseka. Wa Magdalena unali ndi mlamba, poti ali mwana sankagwirika. Wa Symon unali ndi mvuu yoyasamula, ndipo aliyense amene anamuona Symon akudya sankafunsa chifukwa chake. Wa Fanizo, chitsiriza, unali ndi kakowa wa miyendo yaitali ataima payekha. Dongo lotsala ankaumbira zidzukulu ting'ombe ndi timabwato, ndipo mwana wa mnansi akaima chapatali n'kumasirira, nayenso ankapita kwawo ndi kake. Madzi osefukira atagwetsa nyumba, mayiwo ndiwo anayamba kuseka, nati bola mtsinje wawabweretsera dongo pakhomo.

Nanga munthu amaboola bwanji mtsuko wa mayi wotere? Kusaganiza basi, palibenso china. Fanizo atagula filiji, mtsuko unasowa malo m'nyumba. Mkazi wake Jennifer anati ungakongole pakhonde ngati mmene amachitira mabwana a ku ofesi, ndipo Fanizo, m'malo mokana, anadzitengera hamala. Tisamunamizire Jennifer. Dzanja linali la Fanizo.

Chaka chathachi mayiwo anabwera ku Nchalo kudzaonana ndi adokotala chifukwa cha chifuwa chimene sichinkatha. Fanizo ndiye anawaperekeza, ndiyenso anayankhula ndi adokotalawo m'Chingerezi. Adokotalawo anamuuza kuti palibe choopsa, mayiwo amwe mankhwala, apume ku utsi wowotcha mbiya. Atabwerera kunyumba, mayiwo anapeza Jennifer akuthirira maluwa, madzi akutuluka kunsi kwa mtsuko n'kumayenderera pasimenti. Anagwada, napisa dzanja kunsiko.

"Waboola ndani, mwanangu?"

"Ndine, mayi."

"Wekha?"

"Ndekha."

"Chabwino," anatero, napukutira dzanja pa chitenje. M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Bangula. Fanizo anadziwa kuti wawakhumudwitsa, naganiza kuti adzapepesa akadzapita kumudzi. Sanapite msanga. Dzinja litatha chifuwa chija chinabweranso, ndipo mayiwo anamwalira iye ali ku ofesi.

Tsopano Loweruka linali pafupi. Fanizo anazula maluwa aja, nakhuthula dothi, natsuka mtsukowo ndi sopo mpaka zala kutuwa. Chiboocho anachimata ndi simenti, napakapo dothi lofiira kuti pasaoneke. Anayesa kuthiramo madzi pang'ono, osadontha, mtima unakhalako pansi. Mu minibasi anaufungata pamiyendo atawukulunga m'bulangete, ndipo kondakitala anamuseka kuti bambo, mwanayu wagona bwanji osalira. Fanizo sanaseke nawo.

Kumudzi anthu anali atadzaza. Amayi a mpingo anavala zoyera, abale ena anaoloka kuchokera kutsidya, ndipo mitsuko ya abale ake inali itaima kale pansi pa nimu pa nkhata zake, yakuda ndi ntchito, yonyowa m'mbali. Wa Fanizo wokha ndiwo unali wotuwa. Anauika kumapeto, ndipo atsikana anayamba kuthira madzi ochokera pa mjigo.

Mayi aang'ono a Priska, mng'ono wawo wa malemu, anaimirira kufotokoza mbiri. Anasimba za chaka cha njala, mmene Otilia ankalowera m'dambo kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, n'kuziphika mosinthasintha kuti ana asazindikire kuti akudya chomwecho tsiku ndi tsiku. Anasimba za madiresi a zigamba amene ankasokera ana amasiye a mlamu wake. Anthu ankavomera, ena akuseka, ena akupukuta misozi. Fanizo sankamva bwino. Maso ake anali kunsi kwa mtsuko wake, pamene dothi linayamba kuda.

Simenti sigwirizana ndi dongo lowotcha. Mayi Otilia akanamuuza zimenezo asanayambe n'komwe. Madzi atadzaza, kulemera kwake kunakankha chimatiro chija, ndipo kamtsinje kanatuluka kunsi, kanadutsa pakati pa mikeka, kukanyowetsa chitenje cha mayi wina wa mpingo. Mbiri inaima. Symon anapendeketsa mtsukowo, simenti inagwa, ndipo chiboo chinaonekera, chozungulira bwinobwino, choti aliyense anaona kuti si ngozi.

Fanizo analakalaka nthaka itang'ambika. Anaweramitsa mutu kudikira chipongwe chimene chinali chomuyenera.

Mayi aang'ono anayandikira ndi ndodo yawo, nawerama, nalowetsa chala pachiboopo. Kenaka anayamba kulira. "Taonani, anthuni," anatero. "Ife tonse tinaiwala. Makolo athu munthu akagona ankatenga chiwiya chake, n'kuchiboola pansi, n'kukachiika pamanda, kuti wamoyo asachigwiritsenso ntchito. Tinaika mkulu wanga wopanda mbiya ngakhale imodzi, munthu amene anaumbira mudzi wonse. Koma mwana uyu, amene timati sukulu inamutenga, ndiye wakumbukira. Takhuta, zikomo kwambiri, mwanangu."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Bambo wina wachikulire anabwera kudzamugwira dzanja. Symon anamumenya paphewa nati, "Bwanji osandiuza, amwene, tikanaboola limodzi." Fanizo anatsegula pakamwa kuti akane, koma anatsekanso. Akanati chiyani pamaso pa khamu lonselo? Kuti ayi, munali maluwa? Anangokhala chete, ndipo chete ameneyo anali bodza loposa simenti ija.

Anamusenzetsa mtsukowo kuti atsogole ulendo wa kumanda. Anayenda patsogolo atawunyamula paphewa, amayi akuimba kumbuyo, dzuwa likuwotcha. Magdalena anafulumira namupeza, nayenda naye phewa ndi phewa. Sanamuyang'ane.

"Mizu ya maluwa ikuonekabe mkatimo," anatero motsitsa mawu. "Sunatsuke bwino."

"Achemwali, ine..."

"Usandiuze ine. Ndinadziwa kalekale." Anayenda pang'ono, kenaka anapitiriza. "Tsiku limene mayi anabwerako kwanu anandiitana kuseri. Anati, Magdalena, adokotala amuuza Fanizo zimene sanandiuze ine. Mwana wanga wandikonzeratu mtsuko wa pamanda, ndi maluwa omwe wandibzalira, kungoti pakamwa pakumulemera. Ndinati mayi, adokotala anati mulibe vuto. Anati iwe sudziwa Chingerezi."

Fanizo anafuna kuima, koma kumbuyo kunali anthu.

"Mankhwala aja anamwako pang'ono n'kuwasiya," anatero Magdalena. "Anati asavutitse ana ndi maulendo a kuchipatala pamene nthawi yakwana. Anabwerera ku utsi womwe uja, kuwotcha mitsuko ya zidzukulu zonse kuti pasakhale wotsala. Ndinawakalipira, ndinawapempha, osamva. Ankangoti Fanizo sangaboole mtsuko wanga popanda chifukwa."

"Bwanji simunawauze zoona?" Mawu ake anatuluka ngati a mwana.

"Ndinawauza. Ndinati mayi, ndi fasho ya m'tauni chabe, amabzalamo maluwa. Anandiseka." Apa m'pamene Magdalena anatembenuka namuyang'ana, maso ali ofiira. "Anati ndisamuyese mlongo wanga munthu wopanda nzeru. Ndinakuimbira foni kuti ubwere uwauze wekha. Unati muli pa sizoni yodula nzimbe."

Anafika pamanda. Chiliza chinali chophimbidwa ndi nsalu yoyera. Abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa, ndipo mayi aang'ono analoza kumutu kuti mtsuko uikidwe pamenepo. Fanizo anagwada nauika. Symon anamuthandiza kuukhazika.

"Nenapo mawu, mwanangu," anatero mayi aang'ono. "Mayi ako ankakunyadira."

Anthu onse anadikira. Fanizo anakhalabe chogwada, chipumi chitatsamira pa mtsukowo, ndipo analira mokweza mpaka amayi a mpingo anayambitsa nyimbo kuti amuphimbe. Kumbuyo wina ananong'oneza mnzake kuti mwana uyu ankawakonda mayi ake kwambiri. Fanizo anamva, ndipo Magdalena nayenso anamva.